Geti la Mai Rozina ndi Chifuwa cha Amuna Anga

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga a pa Lachinayi, abambo ndi ana nonse, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Aleluya! Kwa amene simundidziwa, ine ndine make Gilesi, wa kuno ku Mabvuku, lokesheni yathu ya mu Halale muno, mkazi wa a Phiri awo akhala kutsogoloko, akuyang'ana pansiwo. Bambo, tukulani mutu anthu akuoneni kuti muli moyo. Eya, choncho.

Ndikufuna kuchitira umboni. Koma ndineneretu, umboni wanga si wofewa ngati wa anzanga ayi. Ine ndine wansanje, abusa, ndipo si nkhani yobisa, Mabvuku yense amadziwa. Ndikanena mawu olasa, mundipirire, chifukwa zina mwa zimenezi zikundiwawabe mpaka lero lino.

Amuna angawa amagwira ntchito ku Msasa, ku fakitale ya misomali ndi mawaya. Chichokereni kwathu ku Dedza, ntchito yawo inali yomweyo, kunyamula mitolo ya waya. Ankapita pa njinga, ankabwera pa njinga. Munthu wamphamvu, wosadandaula, woti kuchipatala amangopitako kukaona anzake. Ndipo nonse mukudziwa mmene tikukhalira ife obwera m'dziko la eni: nyumba ya lokesheni imayendera ntchito. Ntchito ikatha, nyumba yatha, katundu panja. Ndiye nkhondo ya m'dziko muno ili mkatimu, anyamata akungosowa m'makomo, apolisi ali mbwee m'misewu, munthu ungalowere kuti ndi ana?

Chaka chino kutangoyamba kuzizira, bambowa anasintha. Akafika madzulo, nsima ankangoitsina pang'ono nkukankha mbale. Ankakhala pa mpando dzanja lili pachifuwa, nkumati, "Make Gilesi, ndisungunulire soda, chilungulira chandivuta." Lero soda, mawa soda. Akavula nsapato, mapazi otupa. Tikalowa kuchipinda, iwo nkhope kukhoma. Pano pali ana, koma akuluakulu mwamva chimene ndikunena. Mwamuna amene kale sankandipatsa mpata, tsopano nkhope kukhoma!

Tsiku lina ndili pa mzere wa madzi pa mpopi, mayi wina Wachishona amene tinayandikana nyumba anandikodola. Akuti, "Mai Giresi, ko bhasikoro rababa rinotsvagei pagedhi paMai Rozina?" Kundifunsa kuti njinga ya amuna anga imafunanji pa geti la mai Rozina mmawa uliwonse. Abale, chidebe chinandipulumuka m'manja. Amayi onse pa mzerepo anangoyang'ana kumbali, ndiye ndinadziwa kuti nkhaniyi aliyense anaimva kale kupatula ine mwini wake.

Mai Rozina ndi mayi wa ku Tete, anabwera kuno ndi amuna awo kuthawa nkhondo ya kwawoko. Amuna awo sanakhalitse, anamwalira. Amakhala pamwamba pa chitunda chija timakwera tikamapita ku msewu waukulu, amagulitsa tomato ndi masamba pa geti pawo. Ndipo ndisaname pamaso pa Mulungu, ndi wokongola. Khungu losalala, mano a mpata, kuyenda mwaulemu, kulankhula motsitsa. Ine mawu anga mukuwamva nokha. Mulungu anandipatsa kukhosi kwa belu.

M'mawa mwake bambo atatuluka ndi njinga, ine ndinadutsa njira yachidule, ndinakabisala kuseri kwa mwala waukulu uja uli pafupi ndi chitundacho. Inde, ine amene, mayi wa yunifolomu, kunjuta kuseri kwa mwala! Musandiyang'ane choncho amayi, inunso mukanatero. Ndinawaona akukwera chitunda, kupalasa, kupalasa, kenako anatsika. Anayedzamiritsa njinga pa geti lija. Asanagogode nkomwe, mai Rozina anatuluka ndi kampando m'dzanja lina, kapu ya madzi m'dzanja lina, ngati munthu wodziwa nthawi yake. Bambo anakhala pansi, dzanja pamtima. Mayiyo anawerama, akulankhula nawo chapansipansi. Patapita kanthawi bambo anadzuka, anamwetulira, nakwera njinga. Kumwetulira! Kwathu ndinali nditaiwala kuti bamboyu ali ndi mano.

Ndinabwerera kunyumba. Mumtima ndinkangoti, dzanja pamtima? Chikondi chake chafika poika dzanja pamtima? Ine ndinawaberekera ana, ndinawatsatira mpaka ku Halale kuno, ndinasiya mayi anga akulira, koma dzanja pamtima sindinaikiridwepo.

Ndinapita ku lokesheni ya Tafara kwa azakhali awo a bambowa, a Nangondo, amene amatiyang'anira ukwati wathu kuno. Ndinawafotokozera zonse, za geti, za chifuwa, za mapazi. Anagwedeza mutu nati, "Mwana wanga, umenewu ndi mdulo. Wamasiye uja mwamuna wake anafera kuchilendo, abale kulibe. Mwambo wa maliro anamumalizira ndani? Mwamuna akalowa m'nyumba yotero amadulika. Chifuwa chimamanga, miyendo imatupa. Mankhwala ake alipo, ndikupezera, koma sagwira ntchito munthu asanaulule. Aulule kaye ndi pakamwa pake, kenako amwe."

Abusa, ndikudziwa, munatiphunzitsa. Koma ife tinakula nazo zimenezi, zili m'magazi. Ndipo mawu a azakhaliwo anandikomera, chifukwa anagwirizana ndi zimene mtima wanga unkafuna kumva. Kuyambira tsiku limenelo, chifuwa cha amuna anga sichinalinso matenda kwa ine. Chinasanduka mboni. Akagwira pachifuwa, ine mumtima, "Ehe, wagwidwa." Akapuma mobanika, ine, "Ehe, zako zimenezo." Ndinasiya kuthira mchere m'ndiwo zawo, monga mwambo umanenera, ndinkangowaikira pambali kuti azithira okha. Za chipatala sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono.

Ndinayamba kuwapanikiza. "Bambo a Gilesi, ululani muchire."

"Ndiulule chiyani?"

"Njinga yanu imadya chiyani pa geti la mai Rozina?"

Anati, "Ndimapumapo chabe."

"Kupuma! Mageti onse a m'Mabvuku muno anatha? La a Banda lilipo, la a Mwale lilipo, la abusa lilipo. Inu mpweya wanu umangopezeka pa geti la wamasiye?"

"Make Gilesi, ndisiye. Sungamvetse."

Mawu amenewo ndiwo anandimaliza. Sindingamvetse ine, koma wa ku Tete uja ndiye womvetsa! Nyengo yonse yozizira inatha choncho. Ine kulalata, iwo chete. Mizu ya azakhali inali m'botolo kuseri kwa kabati, ikudikira kuti munthu aulule.

Ndiye linafika Loweruka lija. Dzuwa lili pamutu, bambo anali kuseri kwa nyumba akuwaza nkhuni. Ndinangomva nkhwangwa yasiya kulira. Nditatuluka ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira khoma. Abale anga, nkhope imene ndinaiona sindidzaiiwala. Inali yotuwa ngati phulusa. Thukuta lili chuchuchu, koma nditawagwira pamphumi, thupi lozizira. Akuti, "Pachifuwa pano ngati andisanjikiza thumba la simenti. Ululu wake ukutsikira ku mkono uno wamanzere, ukukwera mpaka ku nsagwada." Ankafuna kusanza, mpweya ukuperewera. Akuti, "Masiku onse ndikakhala pansi umatha. Lero sukutha."

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinathamangira kuseri kwa kabati. Ndinabwera ndi botolo lija, ndinagwada patsogolo pawo ndikulira. "Bambo, chonde ululani! Ndikhululuka, ndithu ndikhululuka, ingonenani mumwe mankhwalawa!" Mundimvetse bwino, sindinkafuna kuti afe ayi. Ndinkawapulumutsa m'njira imene ndinkaidziwa.

Anatsegula pakamwa. Ine ndinatchera khutu, ndikuti tsopano choonadi chituluka. Anati, "Kaitane mai Rozina."

Mayo ine! Amayi anzanga, tayikani mtima wanu pamene panali wanga. Mwamuna wako akutsirizika m'manja mwako, ndipo dzina limene akuitana ndi la mkazi wina. Ndinaimirira. Ndinati, chabwino, ndikamutenga, abwere adzaulule onse awiri pamodzi. Ndinakwera chitunda chija wopanda nsapato, chitenje chili m'manja. Nditafika pa geti sindinaodire. Ndinakuwa, "Tuluka iwe! Tiye ukaone ntchito ya manja ako!"

Anatuluka, anandiyang'ana, sanandibwezere mawu ngakhale amodzi. Anangofunsa kuti, "Ululu sukusiya? Akutuluka thukuta?" Nditangoti inde, anasiya tomato wake pa tebulo pomwepo, nkuyamba kuthamanga. Anandipitirira, abale. Anakafika kunyumba kwanga ine mwini nyumba ndili m'mbuyo.

Atawaona bambo, mai Rozina anagwira kumutu. "Maiwe! Amuna anga anapita chomwechi. Musawayendetse, musawagoneke chagada, akhale chotsamira chomwecho. Mai Gilesi, masulani mabatani a malayawo." Kundilamula ine, pakhomo panga, za malaya a amuna anga! Ndinati, "Amwe kaye mankhwala awa." Anandilanda botolo nkuliika pawindo. Akuti, "Mudzanditukwane mawa, mayi. Lero tiyeni kuchipatala."

Mukudziwa mmene galimoto zikusowera masiku ano a petulo wa makuponi. A Mwale galimoto yawo ili pa njerwa. Ambulansi mukaiitana, mumayamba mwaphika, kudya, nkutsuka mbale. Mai Rozina anapita kukaima pakati pa msewu, manja m'mwamba, kutsogolo kwa lole ya malasha imene inkabwerera m'tauni. Dalaivala anamanga mabuleki akutukwana. Mayiyo anamulankhula Chishona chothamanga chimene ine sindichitha, mpaka bamboyo anatsika, nathandiza kunyamula amuna anga. Panjira apolisi anatiimitsa, akufuna zitupa, chonsecho chitupa cha bambo chinatsala m'jekete kunyumba. Wapolisi mmodzi anasuzumira, anaona nkhope ya bambo, nangokweza dzanja kuti pitani. Ameneyo anali Mulungu, abale. Nenani ameni!

Tsopano mverani zimene zinandichitikira kuchipatala chachikulu. Bambo atawalowetsa, nesi anabwera kudzatifunsa. "Ululu umenewu unayamba liti?" Ine kukamwa yasa. Mai Rozina akuti, "Kutangoyamba kuzizira." "Umabwera akamatani?" Mai Rozina akuti, "Akamakwera chitunda pa njinga, makamaka mmawa kukazizira. Akakhala pansi pang'ono umasiya. Koma masiku apitawa wakhala ukubwera msanga, asanafike ndi pakati pa chitunda pomwe." "Amasuta?" Apo ndiye ndinalumphira, ndinati, "Amasuta!" kuti nanenso ndiyankheko kanthu. Nesi uja anatembenukira kwa mai Rozina nati, "Mai Phiri, khalani apa, adokotala akufuna kulankhula nanu."

Mai Phiri! Abusa, ndinakuwa chipatala chonse chinamva. "Mai Phiri ndine! Wa mtchatho, ukwati wa kutchalitchi, ndine! Ana onse ndinabereka ndine!" Nesi anapepesa. Koma mumtima mwanga munali mutalowa munga, chifukwa nesiyo sanalakwe kwenikweni. Anaona mkazi amene akudziwa chifuwa cha mwamunayo, ndiye anati mkazi wake ndi ameneyo.

Adokotala anatifotokozera, nesi akumasulira. Akuti mtima nawonso umadya, uli ndi timisempha take toubweretsera magazi. Mwa bambowa timisemphato tinachepa. Ndiye akamakwera chitunda kapena kunyamula zolemera, mtima umafuna magazi ambiri koma sakufika, nchifukwa chake pachifuwa pamamanga, akapuma nkumasuka. Akuti ululu wobwera pogwira ntchito nkumatha popuma ndi chenjezo, munthu apite kuchipatala masiku omwewo akuyenda yekha. Koma ululu wofinya umene sukusiya ngakhale munthu wakhala pansi, wotsikira ku mkono, wokwera kukhosi kapena ku nsagwada, wobwera ndi thukuta lozizira, mseru ndi kubanika, umenewo ndi msempha umene watsekeka. Pamenepo palibe za soda, palibe zodikira kuti tione mawa. Akuti inde, chifuwa chimawawa pa zifukwa zambiri, china ndi chilungulira chenicheni, china ndi mnofu, china ndi mapapo, koma kusiyanitsa kwake si kwa pakhomo ayi. Ine ndinalimba mtima nkufunsa, "Nanga si mdulo?" Nesi uja, mwana wa kwathu ndithu, wa ku Ntcheu, sanamasulire nkomwe. Anangoti, "Mayi, mukanachedwa pang'ono, bwenzi pano tikukamba zina."

Tinakhala pa benchi panja, ine uku, mai Rozina uko, pakati pathu malo okwana anthu ena. Ndi iwo anayamba kulankhula. Akuti, "Tsiku loyamba ndinawapeza atagwira mpanda wanga, akulephera kupuma. Ndinawapatsa mpando. Nditamva mmene ululu wake ukuyendera, ndinawauza kuti bambo pitani kuchipatala, amuna anga ankatero. Ife tinkati ndi mpweya wa m'mimba, tinkawapatsa madzi a phulusa, mpaka tsiku limene anagwa pa msika osadzukanso. Amuna anuwa ndawauza, ndawauzanso, mpaka ndinawaopseza kuti ndibwera kwa inu. Anandigwadira kuti ndisatero."

Ndinati, "Chifukwa?"

Akuti, "Mukawafunse eni ake."

Ndinawafunsadi, atayamba kupeza bwino. Ndinadikira kuti nesi atuluke, ndinakokera mpando pafupi. "Bambo a Gilesi, ine ndinakulakwirani chiyani kuti matenda anu mukauze mkazi wa pa chitunda, ine wogona nanu chipinda chimodzi osandiuza?" Anati, "Make Gilesi, ndikanakuuza iwe mmawa, pofika masana amayi onse a pa mpopi akanadziwa. Mwa amayi amenewo, angati amuna awo timagwira limodzi? Foromani akanamva kuti Phiri mtima wake watha, akanandichotsa ntchito. Ntchito ikatha, nyumbayi atilanda. Ukanapita kuti ndi ana?"

Mukuseka? Sekani, nanga ndi bodza? Pakamwa panga ndimapadziwa. Koma ine sindinaseke. Ndinalira, ndipo pena ndinkalira ndi chisoni, pena ndi ukali. Munthu ameneyu ankakwera chitunda chija tsiku ndi tsiku imfa ili pachifuwa, kuti ine ndi ana tisagone panja. Ndipo ine ndinkamudikira kunyumba ndi botolo la mizu.

Tsono onani zimene Mulungu wachita. Chimene bambo ankaopa sichinachitike. Ku ntchito atamva, sanawachotse. Anangowasamutsa kuchoka konyamula mawaya, pano amakhala pa mpando kosankha misomali yopindika. Amapita pa basi. Fodya anasiya. Ali ndi timapiritsi toika kunsi kwa lilime ululu ukayamba, ndipo tsiku lopita kukaonedwa ndi adokotala ndimawaperekeza ndine, nesi akafunsa ndimayankha ndine. Nyumba tikadali nayo. Aleluya!

Ndiye abambo amene muli muno, ndikukupemphani, chifuwa si thumba lobisamo zinthu. Chikamamanga pokwera chitunda, nenani, pitani. Ntchito ingathe, inde, koma wakufa sagwira ntchito, ndipo nyumba ya wamasiye amailandanso chimodzimodzi. Amayi anzanga, mwamuna akagwira pachifuwa nkuyamba thukuta lozizira, mlandu uimitseni kaye. Ngati pali mlandu, mudzaweruza akachira. Ine ndinafuna kuyamba ndi mlandu, ndipo pang'onong'ono ndikanaweruza mtembo.

Mai Rozina ali muno lero. Sapemphera nafe, ndinachita kukawatenga ndekha, ndipo ulendo uno ndinaodira pa geti. Ali kumbuyo uko, avala duku yobiriwira. Imirirani mayi, musachite manyazi. Mwawaona? Ndinakuuzani kuti ndi wokongola. Bambo a Gilesi, inu yang'anani kutsogolo kuno, kuguwa.

Mayi, zikomo. Ndinakutukwanani pa geti panu, ndinakunenani pa mpopi, inu munandibwezera mwamuna wamoyo. Zikomo kwambiri. Koma abusa, musaganize kuti nsanje yatha, mundipemphererebe. Zimandiwawabe kuti mayi awa anadziwa mtima wa amuna anga ine ndisanaudziwe. Dzulo lomweli ndimawauza choncho tikusenda nyemba pakhomo panga, ndimati, "Mai Rozina, ine ndikakuonani mumtima mumandiyakabe moto." Iwo anaseka pang'ono, kenako anasiya kusenda. Akuti, "Uyake, mai Gilesi. Inu muli naye womuchitira nsanje. Ine ndikakuonani mukukangana ndi bambo pakhondepo, wansanje ndimakhala ine."



Choncho abale, ndikuthokoza Mulungu amene sanayang'ane kupusa kwanga, amene anaika mpando pa chitunda, naimitsa lole pa msewu. Imirirani nonse mukondwere nane! Amayi, nthungululu zimveke mpaka ku Tafara, azakhali amve! Amuna anga ali moyo, ndipo madzulo ano ndikakangana nawo. Aleluya! Ameni.